Boti la kaunjika: wogula wochenjera amayambira pansi pa kapeti

Ndi m'mawa wa Loweruka pa mtsinje wa Hamble, kummwera kwa England, ndipo kamphepo kake n'kolowa m'mafupa. Maboti oyera mbee andandalikana m'mbali mwa timilatho toyandama. Pa limodzi mwa mabotiwo, lotalika mamita 12, pamatidwa chikwangwani choti likugulitsidwa. Wogulitsa walawirira, wapukuta mawindo, waika maluwa patebulo, khofi akununkhira. Banja lofuna kugula lalowa kale m'kati. Mayi akutsegula makabati, bambo agwira chiwongolero n'kumachipotoza ngati mwana amene wapatsidwa galimoto yamawaya.

Munthu wachitatu amene abwera naye, wovala ovololo yothimbirira, maluwawo sanawaone n'komwe. Wapinda kapeti, watukula chitseko chapansi, watsikira m'dzenje momwe mwagona injini ziwiri za dizilo, n'kuika chikhatho pa imodzi. Akufuna kudziwa ngati ndi yozizira. Ikakhala yofunda ndiye kuti wina anailiza kale m'bandakucha, ndipo injini imene imavuta kudzuka ikagona usiku wonse imabisa matenda ake ikangotenthako pang'ono. Munthu ameneyu ndi woyeza maboti. Amalipidwa ndi wogula, ndipo pa anthu onse amene ali m'botimo ndi yekhayo amene alibe nazo kanthu ngati malondawo atheka kapena ayi.

Boti limeneli ndi la mtundu umene Azungu amati motor yacht, loyendera injini, lokhala ndi zipinda zogona, khitchini, bafa ndi pabalaza, nyumba yathunthu yoyandama. Ku Britain kuli makampani otchuka pa ntchitoyi: Princess ya ku Plymouth, imene inayamba mu 1965, Sunseeker ya ku Poole, ndi Fairline ya ku Oundle. Mwezi wa September uliwonse amakaonetsa maboti awo atsopano ku chionetsero cha ku Southampton, anthu n'kumavula nsapato pokwera kuopa kudetsa pansi. Koma ambiri mwa oonererawo sagula latsopano. Boti latsopano limagwa mtengo msangamsanga m'zaka zoyambirira, kotero msika weniweni uli pa maboti amene anayendapo kale zaka 10, 20 kapena 30. Ndi kaunjika ndithu, ngakhale kuti ndi kaunjika wa anthu a matumba akuya. Ndipo monga adziwira aliyense amene anagulapo galimoto yochokera ku Japan atangoiona pa chithunzi, kuwala kwa penti sikunena za m'mimba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

N'chifukwa chiyani maboti amenewa amayendera dizilo? Yankho loyamba ndi moto. Petulo amatulutsa mpweya woyaka ngakhale kunja kukuzizira chotani, ndipo mpweyawo ndi wolemera kuposa umene timapumawu. M'galimoto umangotsikira pansi n'kuuluzika ndi mphepo. M'boti mulibe kothawira, umakadikha pansi penipeni ngati madzi m'beseni, kudikira kathetheka kamodzi. Dizilo satero pokhapokha atatentha kupitirira madigiri 50. Yankho lachiwiri ndi mphamvu yokankha chinthu cholemera matani 10 kapena 15 kwa maola ambiri osapuma, pakuti panyanja palibe mtsetse woti injini ipumirepo. Ntchito yake ili ngati ya lole yodzaza imene ikukwera chitunda chosatha.

Funso loyamba la wogula aliyense limakhala la maola: injiniyi yayenda maola angati? Ogulitsa amakonda kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti maola ndi ochepa. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Boti la zaka 20 limene layenda maola 400 okha ndiye kuti limangoyenda maola 20 pachaka, nthawi yotsalayo lili phee padoko, chinyezi chamchere chikulowa m'masilinda, mapaipi arabala akuuma, oyilo akuchita asidi. Injini ya dizilo imadwala ndi kukhala kuposa kugwira ntchito. Ina yoyenda maola 2,500, yokhala ndi faelo yonenepa ya malisiti osonyeza tsiku limene anasintha oyilo, mafyuluta ndi malamba, ndi imene amakaniko amaikhulupirira. Chowerengera maolacho n'kachipangizo kotchipa koti munthu atha kuchotsa n'kuikapo kena. Malisiti a zaka 15 ndi ovuta kupeka.

Chinanso chimene wogula watsopano sachidziwa n'chakuti injini imodzimodziyo imagulitsidwa ndi mphamvu zosiyana. Caterpillar 3208, ya masilinda 8 ndi malita 10.4, imapezeka ya mahosipawa 210 yopanda turbo, imapezekanso ya mahosipawa 435. Chitsulo chake n'chomwecho, kungoti inayo akuikama kawiri. Cummins ya malita 5.9, yomwe abale ake ali m'malole ndi m'majenereta ambiri, imayambira pa 210 kukafika 370. Ya mphamvu yochepayo itha kukalamba ndi mwini wake. Ya mphamvu yambiriyo imadalira turbo ndi chipangizo choziziritsa mpweya chotchedwa aftercooler, m'mene madzi a m'nyanja amadutsa pafupi kwambiri ndi mpweya wolowa mu injini. Chikachita dzimbiri n'kubooka, madzi amchere amalowa m'masilinda, ndipo nkhani imathera pomwepo. N'chifukwa chake woyeza uja amafufuza m'faelo kuti chinamasulidwa liti, poti amakaniko amalangiza kuchitsuka zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse, koma eni ake ambiri amaiwala mpaka zaka 10.

Tsono injini ilizidwe. Woyezayo amathamangira kumbuyo kwa boti kukaona paipi ya utsi. Poyamba payenera kutuluka madzi, kulavula mwamphamvu, chifukwa injini ya m'boti ilibe rediyeta yopepedwa ndi mphepo. Imapopa madzi a m'nyanja ndi kapampu ka mapiko arabala, n'kuwadutsitsa m'timapaipi toziziritsa, kenako n'kuwalavulira kunja pamodzi ndi utsi. Madzi akamatuluka monyinyirika, kapampuko kathothoka mapiko kapena timapaipito tatsekeka ndi mchere. Kenako utsi. Wakuda umanena kuti mafuta akuchuluka kuposa mpweya, kapena injini ikulemedwa. Wabuluu ndi oyilo amene akupsa. Woyera wosatha ngakhale injini itatentha ndi dizilo wosapsa bwino, apo ayi madzi alowa kumene sayenera kulowa. Kautsi pang'ono podzuka m'nyengo yozizira si mlandu.

Akatuluka padoko pamabwera mayeso amene ogulitsa ena amawazemba: kukankha mafuta mpaka kumapeto kwa mphindi zingapo. Wopanga injini analemba liwiro limene iyenera kufika, tinene kuzungulira ka 2,800 pa mphindi. Ikakanika pa 2,500, pali chimene chikuigwira, kaya ndi zomera pansi pa boti, pulopela yolakwika, turbo yotopa kapena mafuta osafika bwino. Maso amakhala pa geji ya kutentha. Injini zambiri zodwala zimayenda bwinobwino pang'onopang'ono, n'kudzaulula zonse zikangothamangitsidwa. Pobwerera woyezayo amatunga oyilo pang'ono m'kabotolo n'kutumiza ku labotale, monga achitira adokotala ndi magazi. Mukapezeka sodium wambiri, madzi a m'nyanja akulowa. Mukapezeka chitsulo kapena kopa wochuluka, china chake chikudyeka m'kati.

Za kuchuluka kwa injini anthu a maboti sagwirizana, ndipo mkanganowu sudzatha. Ziwiri zimathandiza poimika boti pamalo opanikizika, ina ikukankhira kutsogolo ina kumbuyo, boti n'kuzungulira pamalo amodzi. Imodzi ikazima, inayo imakufikitsa kumtunda. Koma zonse zimakhala ziwiriziwiri: oyilo, mafyuluta, magiyabokosi, bilu ya makaniko. Komanso chimene chimazimitsa injini za dizilo kawirikawiri ndi mafuta akuda, ndipo ngati zonse zikumwa m'thanki imodzi, zimazima motsatizana ngati makandulo pamphepo. Mabwato ophera nsomba m'nyanja zikuluzikulu ambiri ali ndi injini imodzi yokha, yosamalidwa ngati mwana.

Mafuta akudawo ali ndi nkhani yake. Dizilo wa masiku ano ku Ulaya amasakanizidwa ndi mafuta ochokera ku zomera mpaka 7 peresenti, ndipo amakoka chinyezi. Madzi akadikha pansi pa thanki, pamalire a madzi ndi mafuta pamaswana tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timapanga zonanda zakuda ngati phala. Padoko sizivuta. Zimadikira tsiku la mafunde, boti likayamba kugwedezeka, zonse zimavunduka n'kukatseka fyuluta pa nthawi imene munthu akufunitsitsa injini.

Mphamvu ya injini kawirikawiri imafika m'madzi m'njira zitatu. Yakale ndi shafti, mtengo wachitsulo wodutsa pansi pa boti, pulopela kumapeto. Ndi yosavuta, makaniko aliyense amaimva. Yachiwiri ndi mwendo wolendewera kumbuyo, umene Volvo Penta ya ku Sweden inautulutsa mu 1959. Umapulumutsa mafuta ndi malo, koma uli ndi magiya okhala m'madzi ndi zikopa zarabala zopindikapindika zimene zikang'ambika madzi amalowa. Yachitatu ndi IPS, ya kampani yomweyo, ya mu 2005, yokhala ndi mapulopela oyang'ana kutsogolo, ndipo boti limaimikidwa ndi kandodo kogwira ndi zala zitatu. N'zokoma kuyendetsa. Zikavuta, pamafunika munthu wa kompyuta yake amene, ndipo munthu wotereyo sapezeka padoko lililonse.

Koma chimene chimalamula kwambiri ndalama za mafuta ndi kapangidwe ka thupi la boti. Ena amalima madzi, ena amauluka pamwamba pake. Lolima madzi lili ndi malire a liwiro amene amadalira kutalika kwake: boti lokhudza madzi mamita 11 silipitirira kwenikweni ma knot 8, omwe ndi makilomita pafupifupi 15 pa ola, ngakhale mutaliikira injini yaikulu bwanji. Grand Banks 42 yakale, kapena maboti ambiri opangidwa ku Taiwan m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 okhala ndi Ford Lehman ya mahosipawa 120, ndi a gulu limeneli. Louluka limafuna mphamvu zambiri kuti litukuke n'kukwera pamwamba pa funde lake lomwe.

Masamu ake ndi osavuta. Injini ya dizilo imamwa pafupifupi lita imodzi pa ola pa mahosipawa asanu aliwonse amene ikugwiritsa ntchito. Kuchoka ku Needles, pa chilumba cha Wight, kuwoloka kupita ku Cherbourg ku France ndi mamailosi apanyanja pafupifupi 60. Boti la injini ziwiri za mahosipawa 370, likuthamanga ma knot 22, lifika maola atatu asanakwane, litamwa malita pafupifupi 270. Lolima madzi lija, la injini imodzi, litenga maola 8 n'kumwa malita 80 kapena kuchepera. Wina wafika nthawi ya nkhomaliro, wina dzuwa likupendeka. Wogula ayenera kudzifunsa moona mtima kuti chimene chimamusowa kwambiri n'chiyani, nthawi kapena ndalama. Ambiri amagula louluka, akaona bilu yoyamba ya mafuta n'kumaliyendetsa pa ma knot 8 moyo wonse, injini zikuluzikulu zikudwala ndi mwaye chifukwa chosatenthedwa mokwanira.

Za m'kati mwa boti ndiye zimene zimagulitsa, ndipo m'pomveka, poti ndi m'mene anthu amakhala. Kapepala kotsatsa kamati mugona anthu 6. N'zoona, koma awiri mwa iwo agona patebulo lodyera limene latsitsidwa n'kuyalidwa matiresi, ndipo wofuna tiyi m'mawa ayenera kuwadzutsa. Maboti a Broom, opangidwa ku Brundall m'chigawo cha Norfolk, anatchuka ndi chipinda chachikulu chakumbuyo, chotalikirana ndi cha alendo chakutsogolo, zimene mabanja awiri oyenda limodzi amayamikira. Maboti a nsanja, okhala ndi chiwongolero chachiwiri padenga, amakoma dzuwa likawala, koma kumwambako n'kumene kumagwedezeka kwambiri, ndipo makwerero ake ena ndi oimirira moti agogo ndi ana aang'ono amangowayang'ana. Chipinda chakutsogolo kwenikweni chimaoneka bwino pa chithunzi. Usiku pa nangula, timafunde timamenya pansi pake ngati ng'oma. Wodwala chizungulire cha panyanja malo ake ndi pakati pa boti, pansi.

Pali mayeso amene safuna katswiri. Wogula agone pabedipo aone ngati mapazi akukwana. Alowe m'bafa atseke chitseko aone ngati atha kutembenuka. Ayende m'mbali mwa boti kuchoka kumbuyo kukafika kutsogolo atanyamula chingwe, n'kudziyerekeza kuti kukugwa mvula. Ndipo atsikire yekha ku injini kuja, ayese kufikira fyuluta ya mafuta ndi kapampu ka madzi. M'maboti ena okongola kwambiri, kuti ufike mbali yakunja ya injini uyenera kuchotsa sofa ndi kutukula theka la pabalaza. Chosafikirika sichikonzedwa, ndipo makaniko amene amalipidwa pa ola sadandaula kutha maola awiri akunyamula mipando.

Mphuno nayo ndi chida. Fungo la chimbudzi limachokera m'mapaipi okalamba amene alowerera, la nkhungu limaloza mawindo odontha, la dizilo limatha kuloza thanki yobooka. M'maboti ambiri akale matanki achitsulo anaikidwa denga lisanamatidwe, ndipo kuwatulutsa kumafuna kudula pansi kapena kuchotsa injini.

Malonda akafika pokhwima, wogula amapereka 10 peresenti ya mtengo ngati chikole, pa mgwirizano woti atha kubwerera m'mbuyo boti likapezeka ndi chilema chachikulu. Boti limatukulidwa m'madzi ndi makina, wogula ndiye amalipira. Woyeza amazungulira pansi pake ndi kahamala, go go go, kumvetsera. Pabwino pamalira momveka bwino, pamene pafumbwa pamalira ngati dzungu. Maboti ambiri ndi a fibreglass, imene ikakhalitsa m'madzi imatha kutuluka matuza. Ukaboola limodzi pamatuluka madzi onunkha ngati viniga. Matuza ochepa samiza boti, koma amagwetsa mtengo. Choopsa kwambiri ndi denga ndi pansi poyendapo, pomwe pakati pa fibreglass amaikapo thabwa lopepuka la balsa. Madzi akalowera pa bowo la sikuluwu, thabwalo limaola mwakachetechete, ndipo munthu akaponda amamva kufewa. Matabwa a teak okongoletsa pamwamba aja amatha ndi kukwecha, ndipo kuyala ena kumatha kudya gawo lalikulu la mtengo wa boti lakale.

Mapepala ndi otopetsa koma amaluma. Ngongole ya boti imatsata botilo, osati amene anakongola yekha, choncho wogula amafufuza ku kaundula wa zombo za Britain ku Cardiff. Amafunanso umboni woti msonkho wa VAT, womwe kumeneko ndi 20 peresenti, unalipidwa. Chichokereni Britain mu mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, ngakhale malo amene boti linali usiku wa 31 December 2020 amawerengedwa. Ku South Africa, bungwe la SAMSA limafuna kuti boti liziyezedwa chaka chilichonse ndiponso kuti woyendetsa akhale ndi chiphaso.

Ndiye pabwere ndalama zosungira. Walira mvula walira matope. Anthu a maboti amawerengera kuti chaka chilichonse mwini amawononga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wa boti, asanapite kulikonse. Pa boti lakale lotchipa gawolo limakula, chifukwa doko, makina otukulira ndi penti amalipiritsa potengera kutalika kwa boti, za mtengo wake alibe nazo ntchito. Boti la mamita 12 pa madoko abwino a ku Hamble limatha kulipira ndalama zoposa £8,000 pachaka pongoima. Onjezani inshuwalansi, kulitukula kamodzi pachaka, penti wa pansi woletsa ndere ndi tinkhono, kusamalira injini ziwiri ndi jenereta, mabatire, matenti, ndi chinthu chimodzi chachikulu chimene chimafa chaka chilichonse mosalephera. Boti logulidwa £40,000 ndi logulidwa £200,000, ngati ndi otalika mofanana, amadya pafupifupi mofanana. Lotchipalo limangodya ndi njala yochuluka. Kampani yopanga ikagwa, monga inagwera Sealine ya ku Kidderminster mu 2013 dzina lake lisanagulidwe ndi kampani ya ku Germany, injini sizivuta chifukwa ndi za ena, koma windo lopindika lopangidwira mtundu umodzi wokha limasanduka chosowa.

Nanga wofuna kubweretsa boti lotere ku Nyanja ya Malawi kapena ku Kariba? Zimachitika, ndipo si zachilendo kuti zombo za kuno zibwere pamtunda. Sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, n'kuyamba ntchito mu 1951. Koma boti la mamita 12 ndi lotambalala pafupifupi mamita 4, katundu wofuna chilolezo chapadera pamsewu m'dziko lililonse limene ladutsa, kuchokera ku Durban mpaka ku Mwanza kapena ku Dedza, msonkho wa pachipata usanawerengedwe. Ndi chifukwa chake maboti osangalalira a kuno ambiri ndi ang'onoang'ono okokedwa pa ngolo, kapena omangidwa konkuno ngati nyumba zoyandama za ku Kariba ndi Siavonga.

Madzi opanda mchere ndi achifundo kwa injini, dzimbiri limachepa ndipo tinkhono ta m'nyanja yamchere kulibe. Koma nyanja yathuyi si dziwe. Mwera ukauka m'miyezi yozizira umadzutsa mafunde aafupiafupi, oimirira, amene amasautsa boti lalitali kumwamba, ndipo anthu a m'mbali mwa nyanja sanaiwale sitima ya Vipya, imene inamira mu 1946 n'kupha anthu 145. Kuchoka ku Monkey Bay kukafika ku Likoma ndi makilomita oposa 200. Boti louluka lija lingamwe malita oposa 500 ulendo wopita wokha, m'dziko limene mizere ya pa malo omwetsera mafuta aliyense akuidziwa, ndipo mafutawo ayenera kufika kugombe m'madiramu ndi m'zigubu, ndi fumbi ndi madzi omwe. Kuno injini yakale yopanda kompyuta, monga Perkins imene abale ake ali m'mathirakitala a Massey Ferguson, imapeza makaniko ku Mangochi kapena ku Salima amene anaimasulapo ali mnyamata. Injini yamakono ikayatsa nyali yofiira pa Cape Maclear, wodziwa kuiwerenga atha kukhala ku Johannesburg.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene obweretsa boti kuchokera kunyanja yamchere amaiwala. Pansi pa boti, pa shafti ndi pa chiwongolero, amamangirirapo timibulu tachitsulo toti dzimbiri lizidya ito m'malo mwa pulopela. Ta m'madzi amchere ndi ta zinki. M'madzi opanda mchere zinki imachita chikhungwa choyera n'kuleka kugwira ntchito, ngakhale imaoneka yatsopano. Pamafunika ta magnesium, ndipo timeneti tiyenera kuitanitsidwa boti lisanatsike pa lole, chifukwa likangolowa m'madzi, kulitukulanso kumafuna ulendo wa ku Monkey Bay.